Mabatani Akuda a Telala wa pa Lisungwi

Ndakhala zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi ndikugulitsa tomato ndi zitumbuwa m'munsi mwa khonde la sitolo lomwe a Issa ankasokerapo pa Lisungwi, ndiye munthu asandiuze za iwo ngati ndine mlendo. Anthu akamakamba nkhani yawo masiku ano amathamangira pa mbuzi ija, n'kuseka mpaka misozi, basi nkhani yathera pomwepo. Zimandinyansa. Mbuzi inalipo, sindikukana, koma nkhani si ya mbuzi.

A Issa anali telala, Msilamu wofatsa pakamwa koma wouma mutu. Anayamba kusoka ali mnyamata, pa makina opalasa ndi phazi omwe anawasiyira amalume awo. M'masiku awo abwino, suti ya mphunzitsi aliyense kuchokera ku Midzemba mpaka ku Matandani inkadutsa m'manja mwawo. Diresi lomwe akazi awo, malemu a Mwanaisha, anavala pa ukwati wawo analisoka okha. Anthu atanena kuti mkwati sasoka diresi la mkwatibwi, iwo anayankha kuti chochititsa manyazi kwambiri n'kupereka mkazi wako kwa telala wina kuti amuzungulize tepi m'chiuno.

Kenako kunabwera kaunjika, anthu n'kusiya kusoketsa. A Issa anasanduka munthu wa zigamba ndi mazipi, wofupikitsa mathalauza a azungu ataliatali omwe sanawaonepo. Maso nawonso anayamba kuwathawa. Izi ndinkazidziwa ine ndekha, chifukwa m'mawa uliwonse ndinkawalowetsera ulusi m'singano ya makina ndi m'masingano asanu a pamanja, iwo akuyang'ana kumsewu ngati akudikira minibasi. Sanandithokozepo, ndipo ine sindinawafunsepo kuti maso ali bwanji.

Chimene ankafuna chinali chimodzi. Mwana wawo yekhayo, Ruweida, ankagwira ntchito m'sitolo ya mafoni ku Mwanza, ndipo anali pa chitomero ndi Shafik, mphunzitsi wa ku madrasa. Ukwati unali woti uchitike mu Juni, anthu atakolola.

"A Stelia," ankandiuza, "ndisoke diresi la Ruweida, kuyambira kudula mpaka batani lomaliza, alivale anthu aone. Zikatero makinawa mutenge muziyalapo tomato."

Ruweida anali ataona kale diresi lina pa foni, la m'sitolo ya ku Limbe. Bambo ake akayamba nkhani yosoka, iye ankangoyang'ana zikhadabo zake.

Buku lija linabwera ndi a Kalisto a kabaza. Anagula jekete lalikulu pa kaunjika n'kubwera nalo kuti alifupikitse manja, ndipo m'thumba la m'kati munali kabuku kopanda chikuto, masamba oyambirira atathothoka. Munali zithunzi zokhazokha za masamba a buku lina lakale kwambiri, ofiirira ngati anagwera mu tiyi, olembedwa Chiarabu. Anajambulamo anthu ovala mikanjo ndi nduwira, ena atatambasula manja, wina atagwada, mayi wina atakhala pampando. Munalinso mkango, ng'ombe, chinkhanira, nsomba ziwiri zomangidwa chingwe, ndi chinyama china chonga fisi wodya bwino. Aliyense, munthu ndi nyama yomwe, anali ndi madontho ofiira pathupi, ena aakulu ena aang'ono. Kunja kwa thupi, chapambali, kunali timadontho takuda towerengeka.

A Issa anaphunzira zilembo za Chiarabu ali mwana, zokwanira kupempherera, koma tanthauzo la mawu sankalidziwa, ndipo zilembo za m'kabukumo zinali zazing'ono moti sakanaziona n'komwe. Madontho okha ndi amene ankawaona. Anakhala masiku atatu kabukuko kali pamphuno. Tsiku lachinayi anandiitana ndi mawu a munthu amene watola chikwama.

"Ili ndi buku la atelala akale a ku Arabu. Taonani mmene aimira anthuwa, manja uku ndi uku. Munthu amaima chonchi pa chiyani, ngati si poyezedwa?"

"Nanga madonthowa?"

"Mabatani. Simukuona kuti ena ndi aakulu, ena aang'ono, ndipo lililonse alilembera saizi pambali?"

Anandionetsanso kuti chithunzi chilichonse chinajambulidwa kawiri, china choyang'ana kumanja, china kumanzere. Anati telala aliyense amadziwa kuti nsalu umadula utaipinda, mbali ziwiri zituluke zofanana. Nditafunsa za madontho akuda a kunja kwa thupi, anandiyang'ana mondimvera chisoni.

"Apadera amenewo. Batani likaduka mutani? Anthu akale ankaganiza, a Stelia."

Ndinene zoona, ndinakhulupirira. Munthu akakufotokozera chinthu mbali zonse n'kugwirizana, umatsutsa ndi chiyani iwe wa tomato?

Woyamba kuvala nzeru za akale anali a Kalisto omwewo. Anabwera kudzatenga jekete lawo n'kulipeza lili ndi mabatani atatu ondondozana m'chiuno, lalikulu paphewa, lina m'khwapa. Atatu a m'chiuno aja ankaoneka bwino ndithu, moti anyamata ena a kabaza anabwera kudzafuna omwewo. La m'khwapa linkawasupula akamapalasa, koma anapirira chifukwa anauzidwa kuti ndi sitayilo ya mafumu.

Wachiwiri ndinali ine. Ndinawapatsa nsalu kuti andisokere siketi yopita nayo kutchalitchi, ndipo inatuluka ndi batani lonenepa pa thako lakumanja, pamalo penipeni pomwe munthu amakhalira. Nditadandaula anatsegula buku n'kundilozera. Linalipodi. Lamulungu limenelo ulaliki unatenga maola awiri, ndipo benchi ya kwathu ndi ya thabwa louma. Ndinayesa kukhalira mbali imodzi mwendo n'kuchita dzanzi, mapeto ake ndinangoimirira kumbuyo. Potseka abusa anandiyamikira pagulu kuti pali amayi ena omwe Mawu akawagwira amalephera kukhala pansi. Mpaka lero amayi a mumpingo amandipatsa pemphero lotsegulira chifukwa cha batani limenelo.

Tsopano mbuzi ija, poti mukuidikira. A Issa zinkawavuta kuti nyama za m'bukumo nazonso zili ndi mabatani. Anaganiza sabata yathunthu n'kugamula kuti Aluya akale ankaveka ziweto zawo, ndipo kuti ife kuno tinangotsalira. Za chinkhanira anati mwina ankachigwira chikagona. Anabwereka tonde wa a Kalisto, n'kumuyeza ndi tepi anthu awiri atamugwira nyanga, n'kumusokera chikhoti cha nyenyeswa za nsalu. Tondeyo anadya mabatani onse omwe khosi lake linafikira, kenako anadula chingwe n'kulowa mumsika tsiku la msika, chikhoti chikukupiza. Mbuzi zinzake zinamuthawa mpaka kumtsinje. A Issa anangoti mbuzi za kuno n'zosaphunzira, n'kubwerera pa makina.

Zonsezi zinali zoyeserera chabe. Chomwe ankafuna chinali pa tsamba lina chapakati: mtsikana wa mkanjo wautali, mapewa okwera, atagwira chinthu chonga ngala ya mapira m'dzanja lamanzere. Anali ndi madontho ofiira makumi awiri ndi asanu ndi limodzi, ndi akuda asanu ndi limodzi kunja. Limeneli ndiye linali diresi la Ruweida.

Tsiku lina Shafik anabwera kudzapereka moni. Anali mnyamata waulemu wopitirira muyezo, woti akamayankhula ndi apongozi ake ankayang'ana zala za kumapazi kwake. A Issa anamupatsa kabuku kaja monyadira.

"Inu mwaphunzira Chiarabu. Tawerengani. Si buku la atelala ili?"

Ndinaona nkhope yake ikusintha. Anatembenuza masamba awiri.

"Ndi buku lakale ndithu, ababa."

"Mwamva, a Stelia? Lakale."

Potuluka anaima pa tomato wanga n'kumasankha ngati akugula. Anandinong'oneza kuti m'bukumo mulibe za utelala ngakhale pang'ono. Anati ndi zithunzi za nyenyezi, zomwe akatswiri a m'mayiko a Chisilamu ankajambula pamanja zaka mazanamazana zapitazo. Anthu akale ankayang'ana gulu la nyenyezi n'kuliyerekeza ndi munthu kapena nyama kuti asaliiwale, ndipo dontho lililonse ndi nyenyezi pamalo pake.

"Ndiye bwererani mukawauze," ndinatero.

"Ine? Ndikauze apongozi kuti alakwa, ukwati usanachitike n'komwe? Amayi, auzeni ndinu."

Sindinawauze. Ndikuvomera, ndipo mukhoza kundiweruza. Munthu uja anali atakhala zaka akusoka zigamba chamumtima, tsopano ankafika pa khonde dzuwa lisanatuluke bwino, akuimba. Ndikanayamba bwanji?

Diresi linatenga milungu isanu. Nsalu inali yoyera, yolemera bwino, ndipo msoko wake, ndikulumbira, simungaupeze m'sitolo iliyonse. Munthu wosaona bwino uja ankayendetsa nsalu ndi nsonga za zala, mzere n'kutuluka wowongoka ngati wajambulidwa ndi rula. Likanathera pamenepo, Ruweida akanavina. Koma kenako anayamba mabatani, ofiira onse, tepi m'manja, kabuku pamphuno. Madontho a kumutu anawasokerera pa mpango. A kumapazi anawaika pa mpendero. Lalikulu kwambiri linali kumapeto kwa dzanja lamanzere la diresi, lomwe analitalikitsa dala kuti batanilo lizigwera pachikhatho. La pa thako lakumanja nalonso linali pamalo pake. Akuda asanu ndi limodzi anawaika m'kachitini ka mafuta odzola n'kutseka.

Ruweida anabwera Loweruka lina n'kukaliyesa kuseri kwa sitolo, ine nditamugwirira galasi. Linamukhala ngati anabadwa nalo. Koma ndi madontho ofiira aja linkaoneka ngati diresi likudwala chikuku. Anadziyang'ana nthawi yaitali, misozi n'kuyamba kutsika.

"Amayi, anzanga a ku Mwanza adzajambula ndi mafoni," anatero motsitsa. "Ndidzayenda bwanji?"

Kwa bambo ake anangoti zikomo, n'kupita kukalira kwa Shafik. Shafik, poti sakanatha kuyankhula yekha, anachita zomwe mwambo umalola. Anatuma ankhoswe.

Anafika m'mawa wa Lolemba, a Adam, amalume ake a Shafik, ndi bambo wina wowaperekeza, onse atavala mikanjo yochapa, nkhope zili ngati akubwera kudzanena maliro. Anaitanitsa mlamu wawo wa a Issa kuti mbali zonse zikhalepo, n'kuyala mkeka kuseri kwa sitolo. A Issa anaganiza kuti ukwati watha. Ine ndinadzituma ndekha kukapereka madzi akumwa, ndipo sindinachokeponso.

Moni anatenga nthawi yake. Anafunsana za kunyumba, za chimanga, za msewu. Kenako a Adam anakonza kukhosi.

"Tatumidwa ndi mwana wathu. Iye sangayankhule pamaso panu, mwambo mukuudziwa. Akuti ukwati ulipo, mkazi akumufuna, banja lanu akulilemekeza. Koma akuti madontho aja si mabatani."

"Ndi chiyani?"

"Akuti ndi nyenyezi."

A Adam anatulutsa pepala lomwe Shafik anawalembera, n'kuliwerenga pang'onopang'ono ngati kalata ya kukhoti. Ofiira ndi nyenyezi za m'kati mwa chithunzi. Akuda ndi nyenyezi zoyandikana nacho zomwe sizinalowe m'thupi. Kukula kwa dontho ndi kuwala kwa nyenyeziyo. Chithunzi chili kawiri chifukwa china n'cha mmene umaonera kumwamba, china n'cha mmene ankazilembera pa mpira wamkuwa wophunzirira. Mtsikana wa ngala uja dzina lake ndi Namwali.

A Issa anamvetsera mpaka kumapeto.

"Nyenyezi pa thako?"

A Adam anayang'ana pepala. "Akuti ilipo."

"Kumwambaku kuli mkango? Kuli fisi uja?"

A Adam anakweza maso kumwamba, komwe kunali dzuwa ndi khwangwala mmodzi. "Ine sindinawaonepo. Ndangotumidwa."

"Nanga chovala cha mbali ziwiri chija? Nanga saizi? Zonsezi zingogwirizana zokha?"

Bambo woperekeza uja anati iyenso akuona kuti za mabatani zikumveka bwino kuposa za mkango, a Adam n'kumugunda ndi chigongono. Mlamu wawo wa a Issa anapempha kuti mwina mbali ziwirizi zikumane pakati, ena akhale nyenyezi ena akhale mabatani. Anakambirana zimenezi mozama kwa kanthawi ndithu, akuluakulu anayi a ndevu zawo.

Kenako a Adam anapeza mzere womaliza pa pepala paja.

"Akuti musavutike n'kutsutsana. Mwezi uno Namwaliyo amaoneka kukangoda. Akuti mudzatuluke panja mudzayang'ane, ya m'dzanja ija ndi yowala kwambiri, simungaiphonye."

"Ndidzayang'ane ndi chiyani?" anafunsa a Issa.

A Adam anapinda pepala lawo lija.

"Nyenyezi ndinasiya kuziona chaka chomwe anamwalira amake Ruweida," anatero a Issa. "Poyamba ndinkayesa ndi utsi wa anthu ootcha makala m'mapirimu. Ndinkawatukwana mumtima. Kenako ndinadziwa kuti si utsi." Anatembenukira komwe ndinaima. "Zikadalipo, a Stelia?"

"Zilipo," ndinatero.

"Chabwino. A Adam, kamuuzeni mwana wanu kuti ndamva. Ruweida avale chomwe akufuna."

Ndinakwiya tsiku limenelo, ndipo sindinkadziwa woti ndimukwiyire. Shafik ananena zoona. Ruweida anali ndi ufulu wosasekedwa pa ukwati wake. Ndinakakwiyira mayi wina amene ankafinya tomato wanga osagula.

Ukwati unachitika mu Juni, ndipo Ruweida anavala la ku Limbe. Linali lokongola, sindinama. Atabwera kudzagwada kwa bambo ake, iwo anagwira mpendero wake, n'kuyendetsa chala pa msoko, n'kunena kuti makina a ku fakitale amathamanga. Mawa lake anavundikira makina awo ndi chitenje. Anapita kuchipatala kamodzi, komwe anawauza kuti si ng'ala yoti n'kuchotsa, ndipo pofika nthawi ya mvula sankasiyanitsanso munthu ndi mtengo. Ankabwerabe pa khonde tsiku lililonse, n'kukhala pafupi ndi makina ovundikirawo, manja ali pamaondo. Diresi lija Ruweida anapita nalo ku Mwanza m'chikwama, ndipo tonse tinkaganiza kuti lathera momwemo.

Tsiku lina la msika, dzuwa lili pamutu, ndinamva kuseka kukuyenda ndi msewu kuchokera pa siteji ya minibasi. Nditadzuka kuti ndione, ndinaona diresi loyera la madontho ofiira likubwera pakati pa anthu, mpango wa mabatani kumutu. Anyamata a kabaza ankaimba mluzu. Mtsikana wina anali atakweza kale foni, ndipo ndinamuuza mawu omwe sindingawalembe pano, iye n'kuitsitsa.

Ruweida anakwera pa khonde. Anagwada n'kuika dzanja lake lamanzere m'manja mwa bambo ake. Zala zawo zinakumana ndi batani lalikulu lija pachikhatho, n'kuima.

"Ruweida."

"Ndine, ababa."

Sanafunse chifukwa chake. Anamuuza kuti aimirire, atambasule manja, n'kuyamba kuwerenga ndi zala, kuyambira pa mpango, mapewa, m'chiuno, mpaka pa mpendero. Msika wonse unali utasiya kugula. Anawerenga kawiri.

"Makumi awiri ndi asanu. Lina lili kuti?"

"La pabondo laduka mu minibasi, ababa. Munali mothinana."

"La kumbuyo lilipo?"

"Lilipo. Ndabwera chokhalira mbali imodzi kuchokera ku Mwanza."

A Issa anapapasa pansi pa makina n'kutulutsa kachitini kaja. Ndinalowetsa ulusi m'singano n'kuwaika m'manja, ulendo uno poyera, anthu onse akuona. Anapeza malo ake ndi chala n'kusokerera batani lakuda pabondo, n'kudula ulusi ndi mano.

"Mukawauze amuna anu," anatero, "kuti za nyenyezi ndavomera. Koma akudawa ndi apadera. Pamenepo buku lawo analiwerenga molakwa."

"Ndikawauza, ababa."

Ine ndinali nditawerama pafupi pomwe ankasoka, ndipo ndinaona ulusi wakale womwe unatsalira pabondo paja. Batani loduka mu minibasi limasiya ulusi wonyenyeka. Uwu unali wodulidwa bwinobwino ndi lezala. Ndinayang'ana Ruweida, iye n'kuyang'ana zikhadabo zake.

Kuchokera tsiku limenelo wabweranso kanayi, atavala diresi lomwelo, ndipo ulendo uliwonse minibasi imamudulira batani limodzi. A Issa amatukwana makondakitala a masiku ano, n'kuitanitsa singano. Anthu a pa Lisungwi anatopa nako kuseka, ndipo ena akamuona akutsika amangoti kwabwera Namwali. Shafik amamuperekeza mpaka pa siteji, koma pa khonde safika, akuti akuopa kufunsidwa za fisi uja.

M'kachitini mwatsala batani limodzi. Ndinagula kale ena akuda khumi ndi awiri, ali m'thumba la epuloni yanga, ndipo ndikudikira tsiku lomwe a Issa adzapite kukasali ku mzikiti n'kusiya kachitiniko pa makina. Adzadziwa, chifukwa telala amawerenga mabatani ake. Koma ndi munthu yemwe uja amene anayang'ana kumsewu zaka zonse zija ine ndikuwalowetsera ulusi, ndiye sindikuganiza kuti adzafunsa.